Pistol ya munthu wosawombera kawirikawiri ikhale yolimba pokhethemula

Nkhani za achifwamba olanda ndalama kwa amalonda zikachuluka, nkhani za mfuti nazo zimachuluka. Masiku ano mukakhala pa Chitakale madzulo, kapena pa Luchenza eni mashopu akamatseka, simuchedwa kumva anthu akukangana za pistol, mfuti yaing'ono ya m'manja, imene munthu ayenera kugula akapeza chiphaso. Ambiri mwa okanganawo chiphasocho alibe, ena mfutiyo sanaigwirepo n'komwe, koma mkanganowo si wachabe chifukwa pakati pawo pali ochepa amene adzaguladi. Amene mawu awo akumveka kwambiri ndi achinyamata oonera mavidiyo pa YouTube, amene amati pistol yabwino ndi ya trigger (kachipangizo kokoka ndi chala kuti mfuti ilire) yopepuka, yongoikhudza pang'ono, phuu, yalira. Ine ndinagwirapo ntchito yoyang'anira alonda pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo ndikutsutsa. Munthu wa kuno, amene chaka chonse mwina sangamalize bokosi limodzi la zipolopolo, asankhe pistol imene powombera koyamba chala chimakoka mtunda wautali komanso mwamphamvu, ija amati double action. Trigger yopepuka ndi ya munthu wowombera sabata ndi sabata, ndipo pakati pa ife anthu wamba munthu wotereyu ngosowa.

Ndinenerenso poyambirira kuti ndikulankhula ndi amene adutsa pakhomo loyenera. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act ya 1967, silola munthu kusunga mfuti popanda chiphaso, ndipo chiphasocho chimachokera ku polisi. Ife a m'malire timadziwa kuti nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 zida zambiri zinatsala m'manja mwa anthu, zina n'kumadutsa malire mobisa. Wogula zimenezo wadzigulira ndende. Kuwonjezera apo, pistol ya Tokarev ya ku Soviet Union, imodzi mwa zida zakale za mtundu umenewo, ilibe n'komwe kachitsulo kotsekera ndi chala chachikulu kuti mfuti isalire, moti kuinyamula chipolopolo chili mu mpope ndi kuyenda ndi ngozi m'chiuno.

Kuti mkanganowu umveke, tiyambe ndi ntchito ya trigger. Chipolopolo chimaphulika kamsomali kakachigogoda kumbuyo, ndipo mphamvu yogogodayo imachokera ku sipuling'i. Tsono nkhani yonse yagona pa funso lakuti sipuling'iyo amaikunga ndani, ndipo amaikunga liti. Aliyense amene anatcherapo diwa ali mwana amvetsa msanga single action. Mwala unadzutsidwa kale, ukungodalira kamtengo, mbewa ikangogwedeza nyambo basi wagwa. Pa pistol yotere hamala, kachitsulo ka kumbuyo kamene kamamenya kamsomali kaja, imakhala itakokedwa kale m'mbuyo, trigger ntchito yake ndi kungoimasula, n'chifukwa chake imapepuka, mphamvu yokokera imangokhala pafupifupi makilogalamu 2. M1911 ya John Browning, imene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1911, ndi yotere, chimodzimodzinso Browning Hi-Power ya mu 1935 yopangidwa ku Belgium. Double action ndi legeni. Mphira umaukoka wekha mpaka kumapeto kenako n'kuusiya. Chala chimodzi chomwecho chimakokera hamala m'mbuyo n'kuimasulanso, ndipo pamafunika makilogalamu 5 kapena kupitirirapo pang'ono. Ngati manambalawa sakukuuzani kanthu, ikani mapaketi 5 a shuga m'jumbo, muinyamule ndi chala cholozera chokha, kenako muchotsemo mapaketi 3 muyesenso. Kusiyana mukumvako ndi kumene tikukanganiranaku.

Pistol zambiri za hamala zimaphatikiza ziwirizi. Kuwombera koyamba kumakhala kolimba, koma mfuti ikalira chitsulo cha pamwamba chimabwerera m'mbuyo, n'kutaya chikhokho cha chipolopolo, n'kukunga hamala chokha, ndiye kuwombera kwachiwiri ndi konse kotsatira kumapepuka. Walther PP inatchukitsa njira imeneyi kuyambira mu 1929, ndipo Beretta 92, CZ 75 ya mu 1975, SIG P226, ngakhalenso Z88 imene apolisi a ku South Africa anyamula kwa zaka zambiri, zonsezi ndi za banja limeneli. Zilipo zina zolimba nthawi zonse, koyamba mpaka komaliza. Ndiye pali gulu limene achinyamata athu akulikonda, lopanda hamala yooneka kunja, limene kamsomali kaja kamakhala ndi sipuling'i yakeyake m'kati. Glock 17, imene Gaston Glock wa ku Austria anatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndiyo mfumu ya gululi. Sipuling'i yake imakhala itakungidwa kale pang'ono, chala chimangomaliza ntchito, ndipo kulimba kwake ndi pafupifupi makilogalamu 2 ndi theka kuyambira chipolopolo choyamba mpaka chomaliza. Ili ndi zotchinga za m'kati zoletsa kuti isalire ikagwa pansi, komanso kachotchinga kakang'ono pakati pa trigger penipeni, koma chilichonse chimene chakoka trigger bwinobwino, kaya ndi chala kaya si chala, mfutiyo imalira.

Chifukwa chimene ndikuimira kumbali ya yolimba si chimene ndinawerenga, ndi chimene chinandichitikira. Unali mwezi wa Julayi, chiperoni chitagwira masiku atatu, mtundu wa kuzizira kumene zala zimachita dzanzi moti kumanga batani la malaya kumavuta. Cha m'ma 8 koloko madzulo mlonda wina anaimba wezulo kuti kuseri kwa nyumba yosungiramo feteleza kukumveka munthu. Masabata apitawo matumba anali atabedwa pamalo omwewo, ndiye mtima unali kale m'mwamba. Ndinatuluka ndi tochi kumanzere, pistol ya kampani kumanja, chala nditachigoneka m'mbali mwa mfuti monga anatiphunzitsira. Pokhota pakona, nsapato inaterereka pa dothi lofiira lija la ku Thyolo limene likanyowa limakhala ngati sopo, ndipo nthawi yomweyo chinthu chinavumbuluka m'tiyi, mutu wake woyera, wosongoka. Sindinaganize zowombera. Koma nditaima bwino ndinapeza chala chili pa trigger, hamala itakwera pafupifupi theka. Choyeracho linali thumba la feteleza limene mnyamata wa zaka mwina 12 anafunda kumutu pothawa mvula, m'manja atanyamula kontena. "Ndine, bwana, ndabweretsa mbatata ya ababa," anatero, mawu akunjenjemera. Bambo akewo anali mlonda wa pageti ya kumunsi. Ndinamasula chala pang'onopang'ono, hamala inabwerera pamalo pake, ndipo ndinamuuza mwanayo kuti adutse njira ya kumsewu. Usiku umenewo sindinadye. Chala changa chinali chitakoka mphamvu imene ikadakwana kulizitsa pistol ya makilogalamu 2, koma sinakwane pa ya makilogalamu 5.

Tsopano tiwamve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zopusa. Yoyamba, ndiponso yamphamvu kuposa zonse, ndi yakuti trigger yolimba imaphonyetsa. Chala chikamalimbana ndi makilogalamu 5 pa mfuti imene payokha sikwana kilogalamu imodzi ndi theka, dzanja lonse limagwedezeka, mpope umapatuka, chipolopolo chimapita kumene sunafune. Iwo amapereka chitsanzo cha apolisi a mumzinda wa New York, amene atayamba kunyamula pistol m'zaka za m'ma 1990 analamulidwa kuti trigger zawo zikhale za makilogalamu pafupifupi 5 ndi theka. Kwa zaka zambiri anthu ankadandaula kuti kulimbako kukuchititsa apolisi kuphonya, ndipo mu 2021 akuluakulu awo anayamba kupatsa olowa kumene ntchito mfuti zopepukirapo. Izi n'zoona, ndipo chipolopolo chophonya si nkhani yaing'ono pamalo ngati msika wa Limbuli, pamene kuseri kwa khoma la njerwa imodzi kapena lata kuli anthu. Komabe chitsanzochi chikuyankha funso lina. Mfuti za ku New York zinali zolimba pa chipolopolo chilichonse, pamene imene ndikuikira kumbuyo ine ndi yolimba koyamba kokha, pa mphindi imene munthu sanatsimikize ngati akuyenera kuwombera kapena ayi. Chachiwiri, wamalonda amene walowereredwa m'shopu sakulimbana ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Wachifwambayo ali pa mapazi ochepa, mwina kauntala yokha ndiyo ili pakati. Pa mtunda wotere kugwedezeka kwa kukoka kolimba kumatheka kukugonjetsa ndi kuyeserera, ndipo kuyeserera kumeneko sikufuna chipolopolo ngakhale chimodzi. Pamene kuwombera munthu amene sunafune kumuwombera kulibe mankhwala.

Mfundo yachiwiri ndi ya kufanana. Amati pistol imene koyamba ndi yolimba kenako n'kupepuka imasokoneza chala, pamene Glock ndi zinzake zimakoka chimodzimodzi nthawi zonse, ndiye munthu amaphunzira chinthu chimodzi basi. Amawonjezera kuti magulu a nkhondo aakulu anasankha kale. Asilikali a ku Britain anasiya Browning Hi-Power n'kutenga Glock 17 mu 2013, ndipo a ku America, amene anali ndi Beretta kuyambira mu 1985, anasankha SIG P320 mu 2017. Kodi inu a ku Mulanje mukudziwa kuposa iwowo? Ndikuvomera kuti kusintha kwa kulimba pakati pa chipolopolo choyamba ndi chachiwiri ndi chilema chenicheni cha mfuti ndikuikondayi, ndipo wophunzira kumene nthawi zambiri choyamba amaphonyera pansi, chachiwiri chimamutuluka asanakonzeke. Koma tiyeni tione chifukwa chimene magulu a nkhondo amasankhira zimene amasankha. Iwo amagula mfuti zikwizikwi pakamodzi, ndiye amayang'ana mtengo, kuchepa kwa zitsulo zoti zingawonongeke, ndi kuphweka kophunzitsa khamu la anthu m'masabata ochepa. Msilikali wawo ali ndi mlangizi, ali ndi malo owomberapo, ali ndi wokonza mfuti, ali ndi chimake cholimba chopangidwira mfuti yomweyo, ndipo zipolopolo salipira yekha. Wamalonda wa pa Muloza alibe chilichonse mwa izi. Zipolopolo zimachokera kunja, pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mafuta a galimoto. Ndipo pali kanthu kamene achinyamata a mavidiyo aja sakatchula: P320 imene asilikali a ku America anatenga, imene amaitcha M17, ili ndi kachitsulo kotsekera ndi chala chachikulu. Ngakhale iwo, ndi maphunziro awo onsewo, sanafune kudalira trigger yopepuka payokha.

Mfundo yachitatu ndimaimva kwambiri kwa amene anaphunzirako pang'ono. Amati chitetezo chili m'mutu, chala chisakhudze trigger mpaka watsimikiza zowombera, ndipo amene akufuna kuti chitsulo chimuteteze ku ulesi wake asagule mfuti n'komwe. Lamulo limeneli ndi loona, ndinaliphunzitsa kwa alonda mobwerezabwereza mpaka ena ankandinena kuti ndine galamafoni, ndipo trigger yolimba siilowa m'malo mwake. Vuto ndi lakuti thupi silimvera malamulo nthawi zonse. Munthu akadzidzimuka, akapunthwa, kapena dzanja lina likagwira chinthu mwamphamvu, zala za dzanja linalo zimafumbata zokha. Yesani kuterereka mutanyamula kapu ya tiyi muone chimene dzanja limachita musanaliuze. Ofufuza a ku Germany anaikapo tizipangizo pa trigger za apolisi ophunzitsidwa bwino n'kuwaika m'zochitika zongoyerekeza, ndipo anapeza kuti ena ankakhudza trigger koma pambuyo pake osakumbukira kuti anaikhudza. Ine ndine mmodzi wa anthu oterowo, ndakuuzani kale. Sindikunama kuti makilogalamu 5 sangagonje, chifukwa munthu wogwa mwamphamvu angathe kufinya kupitirira pamenepo. Chimene ndikunena n'chakuti zofinya zambiri za mantha zimathera panjira, ndipo njira ikakhala yaitali ndi yolimba, zothera panjira zimachuluka.

Palinso mbali ina ya mfundo yomweyi imene otsutsa amailumpha, ndiyo yakuti si chala chokha chimene chimakoka trigger. Mfuti imakhala nthawi yochepa kwambiri ikuloza wachifwamba, mwina moyo wonse wa mwini wake osalozapo ndi kamodzi komwe. Nthawi yake yambiri ndi ya kutulutsidwa m'sefa, kulowetsedwa m'chimake, kuchotsedwa pokwera galimoto, kupukutidwa. Ngozi zimabisala m'menemo. Nyengo yozizira kuno timavala majekete a zingwe, ndipo chingwe kapena nsonga ya malaya ikalowa pa trigger pamene ukukankhira mfuti m'chimake, kukankhako ndi kukoka. Ndaonaponso anthu, ena mwa iwo olemekezeka ndithu, akungosomeka pistol pa lamba popanda chimake, kapena kuiponya m'chikwama limodzi ndi makiyi, zolembera ndi chaja ya foni. Khalidwe limeneli ndi loipa pa mfuti ina iliyonse, koma pa yopepuka yopanda chotsekera ndi kusewera ndi maliro. Pistol ya hamala ili ndi mphatso ina pano: pamene ukuilowetsa m'chimake umaika chala chachikulu pa hamala, ndipo chinachake chikayamba kukoka trigger umamva hamala ikukankha chala chako, n'kuima. Glock siikuuza kanthu. Komanso kuti uimasule poitsuka umayenera kukoka trigger kaye, ndipo amene wachotsa magazini, chosungiramo zipolopolo, n'kuiwala chipolopolo chotsala mu mpope amazindikira kulakwa kwake ndi phokoso.

Ena, makamaka achikulire amene anagwirapo Browning m'masiku awo, amati yankho ndi single action yonyamulidwa hamala itakungidwa koma yotsekedwa, kuti upeze zonse ziwiri, kupepuka ndi chitetezo. Kwa katswiri nzabwino. Kwa munthu wathu uja sindikuvomereza, pa zifukwa ziwiri zosiyana. Mantha akafika angaiwale kutsekula, n'kumafinya mfuti yosalankhula wachifwamba akumuyang'ana. Kapena atsekula msanga pongomva phokoso panja, ndiye kuchokera pamenepo akuyenda mu mdima ndi diwa lotchera kale, lopepuka kuposa Glock imene.

Yotsala ndi mfundo ya amene manja awo ndi aang'ono kapena ofooka, amayi ena, achikulire, odwala nyamakazi. Apa ndigonja pang'ono. Pa pistol zambiri za double action trigger imakhala patsogolo kwambiri, ndipo ngati chala sichikufika bwino kapena sichikutha kukoka mpaka kumapeto osapotoza dzanja, mfutiyo si yanu. Wotereyu asankhe yopepukirapo yokhala ndi chotsekera, agule chimake cholimba chophimba trigger yonse, ndipo avomereze kuti ali ndi ntchito yoyeserera yochuluka kuposa anzake. Koma wina asatembenuze mfundoyi n'kuganiza kuti popeza mayi wachikulire akulephera kukoka, ndiye kuti mwana nayenso alephera. Mwana amagwira ndi manja awiri, amakankha ndi zala zazikulu, mpope utaloza kumaso kwake. M'nyumba zathu, mmene ana a achibale ndi a anansi amalowa chipinda chilichonse, malo a mfuti imene siili pathupi la mwini wake ndi m'sefa yokiya, zipolopolo pena.

Amene wagwirizana nane asamale chinthu chimodzi posankha, chifukwa si double action iliyonse imene ili yofanana. Mukangolowetsa chipolopolo mu mpope, kapena mukawombera n'kusiya, hamala imatsala itakungidwa, ndipo mfuti yanu yasanduka diwa lija mpaka mutaigonetsa. Kuigonetsa ndi chala chachikulu uku mukukoka trigger ndi njira yoopsa, makamaka zala zikanyowa kapena zikachita dzanzi. Funani yokhala ndi kachitsulo kogonetsera hamala kamene amati decocker. SIG P226 ili nako, Beretta 92FS ili nako kophatikizana ndi chotsekera, koma CZ 75 B ilibe, imene ili nako ndi CZ 75 BD, ndiye chilembo chimodzi pa dzina chikusintha nkhani yonse. Mukaigula, kukoka koyamba kuja muziyeserera kunyumba mfuti ilibe kanthu, mutayang'ana mu mpope kawiri, zipolopolo zili chipinda china, mpope utaloza khoma limene kuseri kwake kulibe munthu. Mkulu amene anandiphunzitsa ine ankandiikira ndalama yachitsulo pamwamba pa mfuti, pafupi ndi nsonga, n'kunena kuti, "Kokani, achimwene, koma isagwe." Ndalama ya K10, imene masiku ano ngakhale switi siigula, ntchito imeneyi imaigwira bwino. Yanga inagwa madzulo aliwonse kwa masabata awiri, sabata yachitatu inayamba kukhala.